Kodi thumba la mbatatesi limalemera chifukwa chiyani?

Anzanga, pa holide ndinkathandiza amalume kukweza matumba a mbatatesi pa msika wa Lizulu. Msana utayamba kuwawa ndinadzifunsa kuti, kodi kulemera konseku kumachokera kuti? M'kalasi timaphunzira kuti mass timayeza m'makilogalamu, koma za gwero lake sitikamba. Ndiye ndinafufuza.

Mbatatesi, ngati china chilichonse, ndi ma atomu. Pafupifupi mass yonse ya atomu ili pakati pake, m'ma proton ndi ma neutron, ndipo m'kati mwa amenewa muli tinthu tina totchedwa ma quark. Mu 1964 Peter Higgs wa ku Britain, komanso François Englert ndi Robert Brout ku Brussels, anati ponseponse pali chinthu chosaoneka chomwe chimapatsa tinthu tina ting'onoting'ono mass, ndipo pambuyo pake asayansi anazindikira kuti ndicho chimapatsanso ma quark ndi ma electron mass. Umboni wake unalengezedwa pa 4 July 2012 ku CERN, pafupi ndi Geneva, komwe kuli makina ozungulira makilomita 27 pansi pa nthaka. Asayansi a ku South Africa nawonso amagwira nawo ntchito kumeneko.

Koma tamverani izi. Pa thumba la makilogalamu 50, gawo lochokera kwa Higgs ndi pafupifupi theka la kilogalamu basi! Zotsalazo ndi mphamvu ya ma quark omwe amangoti balabala m'kati mwa ma proton ndi ma neutron, komanso ya ma gluon omwe amawamanga pamodzi. Paja Einstein anaonetsa mu 1905 kuti mphamvu ndi mass n'chimodzi: E = mc². Ndiye kuti ndinkasenza mphamvu yomangidwa.

Palinso ganizo lina. Ife timadziwa mbali zitatu: mulitali, mulifupi ndi msinkhu. Theodor Kaluza mu 1921 ndi Oskar Klein mu 1926 anaganiza kuti mwina pali mbali ina yopindika, yaying'ono kwambiri moti sitingaione. Taganizani chingwe choyanikapo zovala. Ukakhala patali chimaoneka ngati mzere chabe, koma nyerere imatha kuchizungulira. Kanthu kothamanga mozungulira mbali yobisikayo ife tingakaone ngati kangoima, koma mphamvu ya liwiro lake ingaoneke ngati mass yowonjezera.

Chenjerani apa: za Higgs zinatsimikizika, koma mbali yobisikayo ku CERN sanaipezebe. Musakailembe pa MSCE ngati zoona! Ine chomwe chandisangalatsa n'chakuti fizikisi siinathe kulembedwa, mafunso ena akudikirabe wowayankha. Amene akufuna tikambirane andipeze pa buleki.

Mnzanu wa Fomu 3