Nyali imene inagonja ku nkhungu ya Cape Point

Munthu wa ku Dedza sauzidwa za nkhungu. M'miyezi ya June ndi July imatsika m'phiri n'kuphimba msewu wa M1, madalaivala n'kuyatsa magetsi masanasana koma osaona patali, pomwe kumunsi ku Golomoti kunja kuli ngwee. N'chifukwa chake ife a kumtunda kuno sitingavutike kumvetsa chimene chinazimitsa nyali yakale ya ku Cape Point, m'dziko la South Africa.

Cape Point ndi nsonga ya mtunda yolowa m'nyanja yamchere, makilomita pafupifupi 60 kummwera kwa mzinda wa Cape Town. Ndi malo a mphepo ndi matanthwe obisika m'madzi. Sitima zonse zochokera ku Ulaya kupita ku India zinkazungulira pamenepa ngalande ya Suez isanatsegulidwe mu 1869, choncho boma la atsamunda linaganiza zomangapo nsanja ya nyali yowongolera amalinyero usiku. Zitsulo zake zinachokera ku England, ndipo nyaliyo inayamba kuyaka mu 1860.

Nsanjayo payokha ndi yaifupi, yobulungira, yachitsulo. Kutalika inabwereka ku phiri, chifukwa anaiika pamwamba penipeni, mamita oposa 230 kuchokera pamadzi. Amisiriwo ankati nyali ikakhala pamwamba ioneka kutali, ndipo kunja kukayera inkaonekadi. Koma sitima siifuna nyali kunja kuli bwino. Nyengo ikaipa, mitambo ndi nkhungu zinkakhala pansonga pomwepo, nyali n'kumayaka m'kati mwa mtambo, woyendetsa sitima osaona kanthu. Vuto lina linali loti usiku woyera inkaoneka msanga kwambiri, oyendetsa ena n'kukhota nthawi isanakwane, n'kuyandikira matanthwe.

Kwa zaka 50 zinthu zinali choncho. Kenaka pakati pa usiku wa pa 18 April 1911, sitima ya Apwitikizi yotchedwa Lusitania, yochokera ku Lourenço Marques komwe lero ndi Maputo, inawomba thanthwe la Bellows m'nkhungu. Musaisokoneze ndi Lusitania ina ya Angerezi imene Ajeremani anamiza mu 1915. Ya Apwitikiziyi inanyamula anthu 774. Asanu ndi atatu anafa boti lopulumutsira anthu litatembenuzika, ndipo patapita masiku awiri sitimayo inatsetsereka pathanthwepo n'kumira.

Pa anthu 774 aja, 475 anali anthu akuda otengedwa kukagwira ntchito. Zimandipweteka kuti mbiri imawatchula ndi nambala chabe, pamene dzina la sitima, kulemera kwake ndi kampani yake ya ku Lisbon zonse zinalembedwa bwinobwino. Zinali zaka zimene Apwitikizi ankatumiza anthu a ku Mozambique kukalima koko ku chilumba cha São Tomé, anthu a dziko limene malire ake ali m'mbali mwa msewu wathu pakati pa Dedza ndi Ntcheu. Usiku umenewo moyo wa anthu 475 aja unadalira nyali yosaoneka.

Ngoziyi ndiyo inakakamiza akuluakulu kumanga nsanja ina. Anatsikira kumunsi, pansonga yopapatiza, mamita 87 okha kuchokera pamadzi, pansi pa pomwe nkhungu imakonda kukhala. Inayamba kugwira ntchito mu 1919, ndipo yakale ija inazimitsidwa. Yatsopanoyi ndiyo yowala kwambiri pagombe lonse la South Africa: kuwala kwake kumafika makilomita 63. Anaiikanso mwanzeru, moti sitima yochokera kumadzulo siingaione mpaka itafika patali ndithu kummwera, kumene kulibe matanthwe.

Chodabwitsa n'chakuti lero khamu la alendo limakwera kukaona nsanja yozimayo. Ena amakwera masitepe, ena kasitima kokokedwa ndi chingwe kotchedwa Flying Dutchman. Amajambulitsa zithunzi, kuwerenga chikwangwani cholozera mizinda yakutali, kulimbana ndi anyani olanda zakudya m'manja. Ambiri amabwerera akukhulupirira kuti aona pomwe nyanja za Atlantic ndi Indian zimakumana, koma malire amenewo ali ku Cape Agulhas, kutali ndithu chakum'mawa. Njira yopita kukaona nyali yogwira ntchito ilipo, koma oitsata ndi ochepa.

Abale athu ambiri amakhala pafupi, ku Masiphumelele ndi ku Imizamo Yethu, akugwira ntchito m'minda ya maluwa, m'nyumba ndi m'malesitilanti. Cape Point ili m'nkhalango yotetezedwa ya Table Mountain National Park, ndipo nzika za maiko a SADC zimalipira zochepa pachipata kusiyana ndi alendo ochokera kutali zikaonetsa pasipoti. Inu a ku Dedza amene muli kumeneko, patulani tsiku limodzi lopuma mupiteko ndi ana. Mukafika pamwamba, muwalozere pomwe mafunde akusweka pa thanthwe la Bellows, ndipo muwauze za anthu 475 aja.