Mwana wanu sakuthawa ntchito, akufesa nazale mabelo asanathe

Sabata zapitazi mayi wina wa kufupi ndi chipata cha Cassacatiza anaimba lamya pa pologalamu yathu ya pa wailesi, mawu ake ali onjenjemera. Mayiyu anati mwana wake anamuphunzitsa ndi ndalama za fodya ndi mbuzi, ndipo mnyamatayo anachoka ku Tete kupita ku Maputo, kenaka kunja. Chaka chino amayembekeza kuti amaliza udokotala nabwera kudzagwira ntchito. Koma mwanayo wawauza kuti buku lake asanalimalize, wayamba kale kulemba makalata ofunsira malo ena okachitako kafukufuku kwa zaka ziwiri. Funso la mayi lidali lakuti: kodi sukulu imeneyi ili ndi mathero, kapena mwanayo akungothawa udindo wa pamudzi?

Ine sukulu ndinalekera 12ª classe, choncho ndinatenga funsoli kukacheza nalo ndi aphunzitsi ena a ku yunivesite mumzinda wa Tete. Zimene ndinamva ndi zimene ndikukupatsirani pano, awerengi.

Poyamba timvetsane kuti udokotala umenewu si wa jakisoni ayi. Mwana akatsiriza 12ª classe amachita licenciatura kwa zaka ngati zinayi, kenaka mestrado zaka ziwiri, ndipo pamwamba pa zonse pali doutoramento, imene imadya zaka zitatu, zinayi kapena kuposerapo. Pa gawo lomalizali munthu sakhala m'kalasi kukopera za pa bolodi. Amasankha funso limodzi, monga chimene chikuumitsa chimanga kapena chimene chikuchulukitsa udzudzu, nalifufuza mpaka kulemba buku lalikulu lotchedwa tese. Akatha amaima pamaso pa akuluakulu a maphunziro, iwo namuponyera mafunso ngati pa bwalo la milandu. Akawakhutiritsa m'pamene amatchedwa Doutor.

Tsono malo amene mwana wa mayi uja akufunsira, omwe pa Chipwitikizi amati pós-doutoramento, si sukulu inanso. Ndi ntchito ya malipiro, ya pangano la chaka chimodzi, ziwiri kapena zitatu, pomwe dokotala watsopano amafufuza pansi pa katswiri wamkulu kuti dzina lake lidziwike. Mayunivesite ambiri a kunja, pofuna kulemba mphunzitsi wokhazikika, amayang'ana kaye amene anadutsa m'njira imeneyi.

Nanga n'kufunsiranji asanamalize? Inu alimi a ku Mualadzi ndi ku N'sadzu yankho mukulidziwa kale. Mlimi wa fodya sadikira kuti belo lomaliza ligulidwe ndipo ndalama ithe kudyedwa kuti ayambe kuganiza za nazale. Akatero mvula imupeza alibe mbande. Ndi chimodzimodzi kumeneku. Malo ofufuzira amalengezedwa miyezi yambiri ntchito isanayambe, ndipo tsiku lotseka likadutsa, munthu angathe kudikira chaka chathunthu. Pamene akudikira, bolsa imene amadyera yatha, ndipo ngati ali m'dziko la eni, chilolezo chokhalira nacho chimatha.

Kufunsirako si kalata ya tsamba limodzi. Pamafunika mbiri ya maphunziro ake, zolemba zimene anasindikiza m'magazini a akatswiri, dongosolo la zimene akufuna kukafufuza, ndi makalata a umboni ochokera kwa aphunzitsi awiri kapena atatu. Mphunzitsi womuyang'anira amayeneranso kutsimikiza nthawi imene mwanayo adzateteze buku lake. Ofuna malo ndi ambiri, ochokera m'maiko osiyanasiyana, kotero kuti kukanidwa kangapo si chinthu chachilendo. Zonsezi amazichita usiku, masana akulimbana ndi mitu yomaliza ya tese.

Apa m'pamene pali msampha. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Malo aja amaperekedwa pa pangano lakuti munthu afike ndi udokotala wake m'manja. Wotaya miyezi yonse pa makalata, buku n'kuima, amataya zonse ziwiri. Aphunzitsi aja anati wanzeru amasankha malo ochepa omuyenera, napatula masiku a makalata, koma buku osalisiya.

Katundu wa mitolo iwiriyu sanayambe lero. Eduardo Mondlane, amene anabadwira ku Manjacaze m'chigawo cha Gaza m'chaka cha 1920 ndipo anakula akuweta ziweto monga ana athu, anausenzapo. Atachotsedwa pa yunivesite ya Witwatersrand ku South Africa mu 1949, anadzera ku Lisboa nakafika ku Amereka, komwe anamaliza ku Oberlin College mu 1953, nakapitiriza pa yunivesite ya Northwestern. Mu 1957, udokotala asanautenge, analowa ntchito yofufuza ku bungwe la United Nations ku New York, m'nthambi yoona za maiko amene anali asanadzilamulire, monga Tanganyika. Anagwira ntchitoyo ali ndi banja ndi ana aang'ono, ndipo udokotala anaulandira mu 1960, ali ndi zaka pafupifupi 40.

Onani tsono kumene njirayo inamufikitsa. Ku United Nations n'kumene anadziwana ndi Julius Nyerere. Mu 1961 anacheza kuno ku Mozambique, ndipo chaka chomwecho anasiya ntchito ija, popeza malamulo ake sankalola ndale, nakaphunzitsa pa yunivesite ya Syracuse. Mu June 1962 anali ku Dar es Salaam pokhazikitsa Frelimo. Akanakhala mwana wa m'mudzi mwathu, mwina tikanati wasochera m'mabuku ndipo sadzabweranso.

Nkhawa ya mayi uja yakuti mwana sadzabwera si yopanda pake, chifukwa alipo amene amapita osatembenukanso. Koma lero malo obwererako alipo. Yunivesite ya Zambeze ili ndi nthambi ya zaumoyo ku Tete ndi ya zaulimi ku Ulónguè, m'boma la Angónia, ndipo kuyambira 2019 kulinso yunivesite ya Púnguè. Ku Manhiça, m'chigawo cha Maputo, kuli malo ofufuzira matenda amene anatsegulidwa mu 1996. Kumeneko anayesera katemera wa malungo wa RTS,S, yemwe bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse linavomereza mu 2021 kuti ana azilandira. Ntchito zotere zimafuna anthu amene anaphunzira kufufuza mpaka kumapeto.

Choncho kwa inu mayi a ku Cassacatiza, ndi makolo ena onse amene muli ndi mwana pa gawo limeneli, pempho langa ndi ili. Miyezi yomalizayi musamuchulukitsire lamya za feteleza ndi malata, pakuti ndalama imene ali nayo ndi yongomufikitsa pa tsiku loteteza buku. Akakuuzani kuti amukana kwina, musamuyese wolephera. Koma muli ndi ufulu womufunsa mafunso atatu: buku udzateteza mwezi uti, malo ukufunsirawo ndi a zaka zingati, ndipo ukatha kumeneko uli ndi maganizo otani pa za kwanu kuno? Mwana wolongosoka mafunso amenewa adzawayankha mosazungulira.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Munadikira kuyambira tsiku lija ananyamula kope lake loyamba. Miyezi yatsalayi ndi yochepa. Amene muli ndi maganizo pa nkhaniyi, tilembereni kapena tiimbireni, tidzakambirane pa wailesi.