Masiku asanu ku nyanja ndi alembi a nthano

Ambiri a inu mukamva kuti alembi a nthano apita ku nyanja, mumati amenewo ndi mabwana, akukadya chambo ndi kugona pa mchenga. Ineyo ndinali nawo ku Senga Bay, m'boma la Salima, ndipo ndikuuzeni abale anzanga, chambo ndinachiona kawiri kokha. Masiku enawo inali nsima ya usipa ndi nyemba, yosasiyana ndi ya pa chiimilire.

Tinalipo anthu 12. Ambiri anali aphunzitsi, panali namwino mmodzi, komanso mnyamata wina wogulitsa machaja ndi mabatire a foni mu msika ku Lilongwe. Ameneyu anatseka benchi yake masiku asanu kuti adzalembe. Inu a malonda mukudziwa tanthauzo lake: masiku asanu opanda kugwira ndrama, makasitomala akulowera kwa mnzako wa pambali.

Lamulo linali lakuti mafoni onse azikhala m'dengu kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 12 koloko masana. Aliyense alembe masamba atatu, madzulo awerenge pamaso pa anzake. Unali mwezi wa July, mwera ukuomba kweni-kweni, moti mapepala tinkachita kuwapsinja ndi miyala.

Kuwerenga kwa madzuloko ndiye kunali kowawa. Zili ngati kuyala katundu wako, anthu n'kumamugwira-gwira, kumutembenuza, kumupezera zifukwa, koma osagula. Mphunzitsi wina anawerenga nthano ya mayi wa kaunjika amene anachotsedwa mu msewu m'chaka cha 2006, nthawi ya Operation Dongosolo, pamene boma la Bingu wa Mutharika linathamangitsa mavenda m'misewu kuti akalowe m'misika. Chichewa chake chinali chokoma, ena tinaomba m'manja. Koma mnyamata wa machaja uja anaimika dzanja.

"Pepani aphunzitsi," iye anatero, "mayi wanuyu akungolira tsamba lonse. Mayi wa kaunjika salira masana. Amayamba wabisa belo lake, kenaka n'kumawerengera kuti wa katapila amuuza chiyani Loweruka. Kulira ndi kwa usiku, ana atagona."

M'chipindamo munati zii. Aphunzitsi aja anakwiya pang'ono, koma m'mawa mwake tinawaona atakhala ndi mnyamatayo pansi pa mtengo, akumufunsa mtengo wa belo ndi m'mene mavenda amachenjezerana akaona galimoto ya khonsolo. Kwa ine, ola limenelo linaposa maphunziro onse amene tinachita sabata imeneyo.

Mkangano waukulu unabuka tsiku lachitatu: tizilemba m'Chichewa kapena m'Chingerezi? Namwino uja sanabise. Anati ndrama zili ku Chingerezi, ndipo anatchula mphoto ya Caine Prize, imene inayamba m'chaka cha 2000 ndipo imalandira nthano zosindikizidwa m'Chingerezi. Bambo wachikulire amene ankatitsogolera anamulola amalize, kenaka anatikumbutsa za Samuel Josia Ntara. Buku lake lakuti Nthondo analilemba m'chilankhulo chathu, linapata mphoto, linatuluka mu 1933, ndipo mu 1934 T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Ndiye kuti azungu ndi amene anachita kulondola Ntara. Anatchulanso Willie Zingani wa Njala Bwana ndi Jolly Max Ntaba wa Ikakuona Litsiro Sikata, mabuku amene ambiri a ife tinakula nawo.

Namwinoyo sanagonje ayi. Anati mabuku a Chichewa ambiri tinawadziwira ku sukulu, ndipo buku likapanda kulowa m'kalasi limangotuwa pa shelefu. Apa ine ndinabvomerezana naye. Ndi angati mwa ife amene tinalowapo mu sitolo n'kugula buku la nthano ndi ndrama ya m'thumba mwathu, popanda mwana wolemba mayeso?

Bambo aja anatiuzanso za kale. Gulu la alembi la pa Chancellor College linayamba mu 1970, nthawi imene buku lililonse linkaopa a Censorship Board. Jack Mapanje, mmodzi wa iwo, anakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Ife tinkakangana mokweza mawu mazenera ali pululu, popanda woyang'ana kumbuyo. Chimene chinkatiopsa ife ndi mtengo wosindikizira, ndi anthu okopera mabuku pa makina n'kumawagulitsa motchipa. Nkhani iyi ikukukhudzani ena a inu a m'misika. Bungwe la COSOMA lilipo kuyambira 1992 kuteteza ntchito za aluso, koma buku lokopera likagulidwa, mlembi salandirapo ngakhale tambala.

Usiku womaliza tinakhala pa mchenga, nyali za asodzi a usipa zikuoneka patali ngati mzinda. Mnyamata wa machaja anawerenga nthano yake ya masamba 14, ya venda amene anabwereka mpamba kwa apongozi ake. Tinaseka mpaka misozi. Atafunsidwa kuti aitumiza kuti, anati saitumiza kulikonse. Akasindikiza yekha timabuku 50, n'kutiika pa benchi pambali pa machaja.

Aphunzitsi anamulangiza kuti asatchipitse luso lake. Iye anakana. Anati mtengo wake usapose wa mbale ya chipisi, ndipo wofuna kuwerengera pa benchi pompo aziyamba walipira theka.