Utsi umene mkuwa wa ku Kitwe umasiya m'njira

Ipusukilo ndi komboni ya mumzinda wa Kitwe, kufupi ndi mtsinje wa Kafue, kutalitali ndi nyanja yamchere. Komabe nkhani ya kayendedwe ka katundu padziko lapansi imawakhudza anthu a kumeneko, chifukwa pafupifupi mkuwa wonse wokumbidwa pamgodi wa Nkana ndi migodi ina ya ku Copperbelt umagulitsidwa kunja. Ulendo wake umayambira pathiraki n'kukathera pasitima yapamadzi, ndipo monse mmene ukudutsa mumatsala utsi wa mafuta.

Mu 2024 Zambia inakumba mkuwa wopitirira matani 800,000, ndipo boma likufuna kuti pofika 2031 azikumba matani 3 miliyoni pachaka. Thiraki imodzi imanyamula matani pafupifupi 30, kutanthauza kuti mkuwa wa chaka chimodzi chokha ungadzaze mathiraki oposa 26,000. Kuwonjezera apo pali mkuwa wa ku Congo wolowera pachipata cha Kasumbalesa, umene umadutsa ku Chingola, Kitwe ndi Ndola polowera kumadoko a Dar es Salaam, Beira ndi Durban. Pobwerera, mathirakiwo amasenza salufa, mafuta ndi makina a m'migodi. Madalaivala amagona masiku pamzere wa pachipata, misewu imakumbika, ndipo fumbi ndi utsi zimatsalira amayi ogulitsa tomato ndi ana oyenda wapansi m'mbali mwa msewu.

Mpweya wotuluka m'mainjiniwo ndi womwe ukuthandizira kusokoneza nyengo. Chilala cha 2024 chinaphwetsa madzi padamu la Kariba, magetsi n'kumazima maola ambiri patsiku. M'makomboni ngati Ipusukilo, wowotcherera zitsulo, wometa ndi wogulitsa zoziziritsa anangokhala manja lende, ndipo makala anakhala pothawira mabanja ambiri.

Njira yochepetsera utsiwu si yachilendo ayi: ndi njanji. Sitima imodzi imakoka katundu wa mathiraki makumimakumi, ndipo dizilo amene imawotcha pa tani iliyonse ndi wochepa kwambiri. Mu 2018 boma la Zambia linakhazikitsa lamulo loti 30 peresenti ya katundu wolemera monga mkuwa, salufa, malasha, simenti ndi shuga azidzera panjanji. Lamulolo ndi lanzeru, koma lamulo silikoka mabogi. Njanji zambiri zinakalamba, mainjini ndi ochepa, sitima zimayenda pang'onopang'ono, choncho mwini katundu amene wogula akumudikira kutsidya kwa nyanja amathamangirabe kuthiraki.

Njanji ya TAZARA ikuonetsa bwino vutoli. Ndi yotalika makilomita 1,860, kuchokera ku Kapiri Mposhi kukafika ku Dar es Salaam, ndipo inatha kumangidwa mu 1975 ndi thandizo la dziko la China. Anaikonza kuti izinyamula matani 5 miliyoni pachaka, koma ngakhale m'zaka zake zabwino inkangopitirira pang'ono matani 1 miliyoni. Mu 2025 Zambia ndi Tanzania anasainirana pangano ndi kampani ya ku China ya CCECC, loti iikemo madola 1.4 biliyoni n'kuiyendetsa kwa zaka 30.

Kumadzulo nako kwatseguka khomo. Kumapeto kwa 2023, mkuwa wa pamgodi wa Kamoa-Kakula ku Congo unayesedwa panjanji yopita kudoko la Lobito ku Angola, ndipo unafika m'masiku 8, pamene pathiraki kupita ku Durban ndi ulendo wa milungu ingapo. Bungwe la Africa Finance Corporation likutsogolera ntchito yoti pamangidwe njanji yatsopano ya makilomita pafupifupi 800 yolumikiza njira ya Lobito ndi Chingola.

Ku Ndola kuli chitsanzo china chosatchulidwa kawirikawiri. Paipi ya TAZAMA, ya makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam, inayamba mu 2023 kupopa dizilo woyengeka kale m'malo mwa mafuta osayenga. Dizilo aliyense wodzera m'paipimo ndi woti akanabwera pamathanki a pamsewu.

Mkuwa ukafika padoko, nkhani imasanduka ya mayiko onse. Sitima zapamadzi zimanyamula katundu woposa 80 peresenti wa malonda a pakati pa mayiko, ndipo zimatulutsa pafupifupi 3 peresenti ya mpweya wotenthetsa dziko. Kuyambira 2020 bungwe la IMO, loona za maulendo a panyanja, linatsitsa mlingo wa salufa wololedwa m'mafuta a sitima kuchoka pa 3.5 kufika pa 0.5 peresenti. Mu 2023 sitima ya Laura Maersk inayamba kuyendera mafuta a methanol, pamene ya Pyxis Ocean anaimangirira matanga awiri olimba, otalika mamita 37.5, kuti mphepo izithandiza injini. Ngakhale kungochepetsa liwiro la sitima kumapulumutsa mafuta ochuluka.

Mu 2023 momwemo mayiko a mu IMO anagwirizana kuti cha m'ma 2050 sitima zisamawonjezerenso mpweya woipa mumlengalenga. Chomvetsa chisoni n'chakuti pamsonkhano wa ku London mu Okutobala 2025, itakwana nthawi yovomereza malamulo olipiritsa sitima zotulutsa utsi wambiri, mayikowo anasemphana maganizo ndipo anaimitsa nkhaniyo kwa chaka chathunthu.