Chingwe cha Koloboyi ndi Madzi a Kumwamba

Usiku wina ku Kanakantapa, m'boma la Chongwe, tili chikhalire pakhonde pa mlongo wanga, koloboyi ali kuyaka pakati pathu, mwana wake wamkazi anandifunsa nati: "Amalume, inu mwakalambira pa maphunziro a madzi ndi zitsulo, nanga anzanuwo amanyamuliranji madzi kunka nawo kumwamba, pamene ife tiwalirira mtsinje wa Chongwe ukaphwa?"

Ndinamlozera chingwe cha nyaliyo. Palafini amakwera m'chingwemo popanda womkoka, monganso chinyezi chimakwera m'dothi la kudimba kufikira mizu ya repu. Koma mphamvu imeneyi njaing'ono, ndipo pansi pano kulemera kwa zinthu kumaiphimba monga dzuwa liphimba nyenyezi. M'chombo cha International Space Station, chimene chimazungulira dziko pa mphindi 90 chili pamtunda wa makilomita 400, ndipo sichinasowemo munthu chiyambire 2000, zonse zimagwa pamodzi kosalekeza, kotero kuti kulemera sikumveka, ndipo chobisika chija chimaonekera poyera. Lawi limabulungira. Mu 2013 Chris Hadfield, ali m'chombomo, anafinya nsalu yonyowa, madzi namkuta m'manja osadontha. Chitsulo chikasungunuka, cholemera sichimira, chopepuka sichiyandama, ndipo tingathe kupenya bwino maumidwe ake. Ife a dziko la mkuwa sitiyenera kuipeputsa nkhaniyi.

Chimene chimandipweteka mtima nchakuti ana athu amayesa kuti nzeruzi nzotsekeredwa, chikhalirecho nkhokwe zake zili pa intaneti: bungwe la NASA linasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wotere mu Physical Sciences Informatics, ndipo bungwe la ku Ulaya la ESA linasonkhanitsa zake mu Erasmus Experiment Archive. Koma kuona maso a nkhono nkudekha. Musathamangire manambala; yambani mwafunsa chimene ofufuzawo ankafuna kudziwa, kenaka kuti kulemera kunachoka nthawi yotalika bwanji, pakuti m'nsanja yogwetseramo zinthu ya ku Bremen ndi masekondi osafika 10, m'ndege yodzigwetsa mwadala ndi masekondi ngati 20, pamene m'chombo muja ndi miyezi, ndipo zotsatira za zitatuzi siziyesedwa ndi muyeso umodzi.

Mtsikanayo anatenga foni yanga, nalemba mawu amene ndinamuuza, akuti capillary flow, napeza kapu imene Don Pettit anapanga ali m'chombo muja mu 2008, yokhala ndi ngodya yopyapyala mbali imodzi, mmene chakumwa chimakwera chokha kudza kumlomo. Anaiyang'anitsitsa nthawi yaitali, natembenukira kwa koloboyi uja, nati: "Amalume, ndiye kuti ngodyayo ndiyo chingwe chake?"