Nsomba Zaziwisi ndi Msewu wa ku Chama

Ndikamacheza ndi madalaivala akale a malole, nkhani ya nsomba zaziwisi sichedwa kutuluka. Katundu ameneyu sadikira munthu. Chimanga ungagone nacho panjira masiku angapo, koma nsomba ayezi akangosungunuka, ntchentche zafika kale.

N'chifukwa chake ku Chama nsomba za mu Luangwa zopita kutali zakhala zowamba pamoto. Msewu wafumbi wochokera ku Lundazi unkasanduka matope m'dzinja. Lole ikatitimira, dalaivala ndi mnyamata wake ankadula nthambi n'kumaziyala pansi pa matayala, dzuwa likuswa mtengo. Ndani akanaika ndalama zake pa nsomba zaziwisi m'msewu wotero?

Anzawo otenga bukabuka ndi kapenta ku Mpulungu, pa nyanja ya Tanganyika, anali ndi mwayi wa phula la Great North Road. Komabe kukafika ku Lusaka ndi makilomita opitirira 1,000, ndiye ambiri ankathamanga usiku kukuzizira, tulo tili m'maso, madzi a ayezi akudontha kumbuyo.

Ine ndimati mtengo wa nsomba ku Chama unkaikidwa ndi msewu, osati msodzi.