Nsaru Yocotsa Kutentha m'Thupi

Munthu ali yense wogwira nchito ya mkuwa adziwa kuti nsonga imodzi ya mkuwa ikakhala pa moto, inzace siicedwa kutentha. Thonje silitero ai. Ulusi wace, pamodzi ndi mpweya wotsekeredwa pakati pace, usunga kutentha pafupi ndi khungu. Ici ndi cabwino m'nyengo ya cisanu, koma kwa munthu wokumba pansi pa mgodi ndi bvuto lalikuru.

Cifukwa ca ici akatswiri akhala alikufuna nsaru yofewa ngati thonje, koma yopititsa kutentha msanga. M'caka ca 2017, pa University of Maryland ku America, Liangbing Hu ndi anzace anasanganiza pulasitiki yochedwa PVA ndi timapale ta mankhwala ochedwa boron nitride. Timapale timeneti ndi topyapyala kotero kuti atiyesa ndi nanomita, ndiko kuti gawo limodzi la milimita yogawidwa magawo 1,000,000. Anakoka ulusiwo uli wotentha kuti timapale tindandalike mzera umodzi, ndipo kutentha kuyenda mu mzeramo monga ngolo pa njanji. Poiyesa nsaruyo anapeza kuti iziziritsa kuposa ya thonje ndi magawo 55 pa 100. Boron nitride ali ndi ubwino winanso umene mkuwa ulibe: sapititsa magetsi.

Komatu nsaru yotere ili ndi malire ace. Monga madzi atsikira kunsi, kutentha nako kucoka potentha kunka pozizira basi. Khungu la munthu likhala pa madigiri 33 kapena 34. Mpweya ukatentha kuposa pamenepo, nsaru yomweyo ilowetsa kutentha kwa kunja m'thupi. Pamenepo cotsala copulumutsa munthu ndico kuuma kwa thukuta, ndipo m'mpweya wa cinyezi thukuta siliuma msanga.

Mgodi wa golidi wa Mponeng ku South Africa, wakuya pafupi-fupi makilomita 4, uli ndi thanthwe lotentha ngati madigiri 60. Kumeneko aziziritsa mpweya ndi makina ndi madzi oundana kuti anthu akhoze kugwira nchito. Nsaru yatsopanoyi ingathandize pokhapokha mpweya utayamba waziziritsidwa comweco.

Tsono wanchito amene amva cizungulire, mutu ndi kufooka m'malo otentha asakhulupirire malaya ace, ngakhale akhale a mtundu wanji. Ayenera kuuza kapitao wace, kumwa madzi, ndi kupita msanga kumene kuli mphepo.